Ine, Karoli Lwanga ndi mbuzi zinayi

Ndiyambe ndi kudzitama, poti kutsogoloku mpata wake supezekanso. Pa mphakati wathu kuno ku Ntaja, ndikaimirira kugawa mawu, ngakhale makanda amasiya kulira. Kwathu ndi ku Utale, m'boma la Balaka, kufupi ndi mishoni yakale ya ansembe a Chimonfoti, ndipo ndinakula nyimbo za Alleluya Band zili m'makutu. Ku Machinga kuno ndine mkamwini chabe, koma pa za Mulungu ndinkadziyesa nyakwawa.

Pa 3 Juni chaka chatha, tsiku la Amartiri a ku Uganda, wotsogolera ndinali ine. Ndinakonzekera sabata yathunthu. M'mawa mwake mayi a kunyumba, thumba la chimanga lili pamutu ulendo wa kuchigayo, anandisiyira ntchito imodzi yokha.

"Bambo, mbuzizo muzimangirire musanachoke. Nandolo wa amalume wachita maluwa."

Ndinavomera. Chingwe ndinachigwira ndithu, Mulungu ndi mboni. Koma ndili pakhomo la khola, m'mutu munatulukira mawu ena okoma onena za Kizito, mmodzi wa amartiriwo, ndipo ndinathamangira m'nyumba kukawalemba asanandithawe. Mawuwo sanathawe. Zinathawa ndi mbuzi.

Kumphakati kunayaka moto. Ndinafotokoza za mfumu Kabaka Mwanga ndi ukali wake, za ku Namugongo mu 1886, momwe anyamata aja anawakulungira m'mphasa za bango n'kuwaika pa nkhuni. Ndinanena za Kizito, mwana wa zaka 14, ndi za Papa Paulo VI amene mu 1964 anawalengeza onse 22 kuti ndi oyera. Kenako ndinadziguguda pachifuwa: "Ine pano moto sindiuopa! Kabaka atabwera lero, woyamba kulowa m'mphasa ndine!" Mayi wina analiza nthungululu. Pobwerera, mapazi sankagunda pansi.

Amene sanalimepo kuno mwina sangamvetse. Mu Juni chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, minda yonse ili mbuu, chobiriwira chotsala n'nandolo yekha. Mbuzi imamuona ili kutali. Ndipo nandoloyo si ndiwo zokha ayi. Ndiye ndalama ya mwezi wa Seputembala, mavenda akamadzagula woti akathere ku India, ndiye fizi ya ana, ngakhale mitengo yake ndiyo nkhuni za m'chilimwe. Mbuzi zanga zinayi zinagwira ntchito m'mizere isanu ndi umodzi, mokhulupirika kuposa mwini wake.

Amalume a mkazi wanga ndi Msilamu, komanso ndiwo eni mbumba. Tsiku lililonse m'bandakucha ndimamva patapata wawo akudutsa kuseri kwa nyumba yathu kupita ku mzikiti, ine ndikukoka bulangete. Ndinawapeza ataima m'munda, mbuzi zonse atazimangirira kale pamtengo wa mango, ndi chingwe changa chomwe chija. Ndikanakonda akanakalipa.

"Mwaswera bwanji, akamwini? Ndamva mwalalikira bwino. Za moto."

"Eya, amalume, pang'ono chabe."

"Moto ngwoopsa, zoona. Nanga chingwechi chimaotchanso?"

Ndinayang'ana pansi ngati ndataya singano.

Mlandu weniweni unazengedwa usiku, ana atagona. Mayi a kunyumba sakuwa. Amawerenga ndi zala. Chala choyamba, pampu ya njinga imene ndinabwereka kwa aneba namondwe wa Freddy asanagwe mu Malichi 2023, ndipo inali ikadali kuseri kwa chitseko. Chachiwiri, ndalama ya pamwezi ya pamjigo, imene amandipatsa kuti ndikapereke ku komiti koma imathera mandasi panjira. Chachitatu, ndalama ya mtulo imene ndinagulira mayunitsi, n'kunena kuti ndabwereka kwa Mulungu ndipo Iye amamvetsa. Chachinayi, gogo wodwala wa kutsidya kwa dambo amene ndinalonjeza pamaso pa mphakati wonse kuti ndikamuona Lachitatu, osanena kuti Lachitatu liti. Zala zinayi zitatha anangoti, "Paja Luka 16, ya zinthu zazing'ono ija, munatiwerengera ndinu eti?" Anatembenukira kukhoma.

Tulo sitinabwere. Ndinayesa kudziteteza mumtima, kuti munthu wa maganizo akuluakulu sangamakumbukire mbuzi. Koma chilungamo chake n'chakuti ku Ntaja kulibe Kabaka. Moto uja ndinaulonjeza mosavuta chifukwa ndikudziwa kuti palibe adzabwere kudzandikumbutsa. Chingwe ndiye chimandidikira m'mawa uliwonse, popanda wondiimbira nthungululu. Ndipo mu ulaliki muja ndinalumpha dala mbali yosakoma kufuula: Karoli Lwanga, mmodzi wa amartiri aja, asanafike pa nkhuni anali kapitawo wa anyamata otumikira kunyumba ya mfumu, munthu wodzuka n'kuyang'anira ana a eni tsiku ndi tsiku, kuwaphunzitsa ndi kuwatchinjiriza. Sindikhulupirira kuti munthu wotere akanasiya khola lili pululu.

Nkhani sinafike kwa amfumu. Amalume anagamula okha pakhonde: zidebe ziwiri za nandolo pokolola, basi. Apongozi aakazi sananene kanthu, koma kuyambira tsikulo akandiona ndanyamula Baibulo amatuma mdzukulu kukasuzumira kukhola. Pampu ndinabweza. Aneba anailandira ndi manja awiri, n'kundiuza mwaulemu kuti njingayo anagulitsa chaka chatha. Gogo uja ndinakamuona, ndipo anandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Za nandolo, chidebe chimodzi ndinapereka mu Okutobala. Chachiwiri chikadali kwa ine. Amalume, izi zikakupezani, Loweruka lino ndikubwera nacho.