Agogo alibe nambala ya tsamba

Mphwanga wina wa kuyunivesite anandipeza sabata yatha nkhope ili gwa. Amuuza alembe za thangata ndi kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ine, posadziwa za masukulu apamwamba, ndinati: "Iwe, nkhawa n'chiyani? Kwera minibasi upite ku Chiradzulu. Agogo ako anakulira pa esiteti, makolo awo ankalima thangata. Ukawagulire shuga, akakuuza mpaka nkhuku zilire."

Anapita. Anabwerako ndi kope lodzaza. Aphunzitsi analiyang'ana mwaulemu n'kufunsa kuti: "Umboni uli kuti?"

Kani agogo si umboni. Alibe chaka chosindikizidwa, alibe nambala ya tsamba. Umboni weniweni unali ku Zomba, koma ambiri mwa makalata a boma anapsa ndi moto mu 1919. Ena ali ku London, kumene mphwangayo angafike atapeza viza ndi kugulitsa ng'ombe zimene alibe. Buku lalikulu la Chilembwe, lolembedwa ndi George Shepperson ndi Thomas Price, linatuluka ku Edinburgh mu 1958, ndipo amaligulitsa m'mapaundi.

Ndamulangiza adikire. Mwina kudzabwera katswiri wakunja ndi kachojambulira mawu, adzacheza ndi agogo omwewo, adzasindikiza. Pamenepo mawu awo adzakhala atakhwima, ndipo tidzawakopera mwaulemu.

Pakadali pano Chilembwe tonse timamudziwa bwino: ali pa K2,000, ndipo pa 15 Januwale sitipita ku ntchito.