Kalata Yochokera ku Joni: Osula a Pakati pa Mikango

Okondedwa Atsibweni,

 Ine kuno ndilipo, kungoti ndada kwambiri. Chithunzi chikafika pa foni ya alamu musaitane abusa, si matenda ayi, ndi dzuwa la ku Phalaborwa.

Bwana wanga uja, amene ndimamusamalira maluwa ndi agalu ku Randburg, anapweteka bondo, ndiye paulendo wake wa ku Kruger chiwongolero anapatsa ine. Tinanyamuka pamodzi ndi madamu ake nkhuku zisanalire, msewu wa N1 mpaka ku Polokwane, kenako R71. Tinadutsa pa Moria, likulu la mpingo wa ZCC, tinakwera mapiri ozizira a Magoebaskloof, tinatsikira ku Tzaneen kwa mapeyala ndi nthochi. Kuchoka pamenepo dziko linangoyamba kuwira. Makilomita pafupifupi 500, bwana ali mkonono kumbali, akudzuka pokhapokha pofuna kundiuza kuti ndikuthamanga.

Pachipata cha paki ku Phalaborwa amafuna chiphaso cha aliyense, ndipo mitengo ndi itatu: mwini dziko wake, ife a SADC wathu, wochokera kutsidya kwa nyanja wake wowawa. Chibwerereni kuno, aka kanali koyamba kuti pasipoti ya Malawi inditsitsire mtengo wa chinthu. Ndinaipukuta ndisanaibweze m'thumba.

Tsono chomwe ndalembera ndi ichi, inu amene mumadzitcha mfumu ya osula a kwathu ku Kasungu. Mukayenda makilomita 11 kuchoka pachipata, mumsewu wopita ku Letaba, pali kaphiri ka miyala pakati pa thengo la mitengo ya tsanya, dzina lake Masorini. Mu Kruger kutsika m'galimoto ndi mlandu, kupatula malo ochepa, ndipo awa ndi amodzi mwa iwo. Mlonda wa pamalopo ndiye amakutsogolerani. Ine ndinatsika womaliza, nditatsimikiza kuti bwana sanadyedwe.

Pa kaphiri kameneka, m'zaka za m'ma 1800, panali mudzi wa osula. Anali anthu a fuko la BaPhalaborwa, a banja la Mojela, olankhula Chisuthu cha kumpoto. Mfumu yawo inkakhala pa phiri lina lapafupi lotchedwa Shikumbu, kutali ndi utsi, monga mmene mabwana amachitira mpaka lero. Pamene a paki anaganiza zokonzanso malowa mu 1973, anangopeza makoma a miyala, mphero, mapale ndi mabwinja a ng'anjo. Lero amangamo tinyumba tofolera ndi udzu, nkhokwe ndi ng'anjo, kuti alendo aone mmene zinkakhalira. Atsibweni, ndinaona mzungu wochokera ku Germany akuwerama kulowa m'kanyumba ka udzu, akujambula denga, maso ali mbee. Kanyumba komweko kwathu mukanati ndi khola la mbuzi, ndipo mukanandinyoza kuti ndakhalitsa ku Joni osagula malata.

Ng'anjo zake ndi zazifupi, zoumba ndi dothi. Ankathiramo makala ndi miyala ya chitsulo yophwanyaphwanya, mosanjikiza, nkulowetsa mipope ya dothi m'mbali. Kumapeto kwa mpope uliwonse kunkakhala munthu ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, kupopa osapuma, kulandizana, mpaka moto upitirire madigiri 1,000. Chitsulocho sichinkatuluka chamadzimadzi ayi. Chinkatuluka chibulumwa chosakanikirana ndi zinyalala, ndipo ankachitenthanso pa chipala nkuchimenya ndi miyala mpaka chiyere. Mmenemo ndimo munkachokera makasu, nkhwangwa ndi mikondo, zomwe ankasinthanitsa ndi Avenda kumpoto komanso amalonda ochokera kugombe la Mozambique, nkulandira chakudya, mikanda ndi nsalu. Dera lija mvula ndi yovuta ndipo kulima nkoyesa Mulungu, choncho khasu ankalisula iwo, kulimira ena, chakudya nkumabwera chokha pamutu pa ogula.

Apa ndiye ndinakumbukira uthenga wanu wofuna makina owotcherera zitsulo. Ndinafunsa mlonda uja ngati anthuwa anali ndi jenereta. Anati ayi. Ndinafunsa ngati anali ndi mwana wa mlongo wawo ku Joni wowatumizira ndalama pa Mukuru. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkunena kuti ayi. Ndiye ndati ndikudziwitseni kuti mbuzi muli nazo zisanu, ndipo iliyonse yavala mvukuto. Makinawo ndigula ndithu, koma mundipatse mpata, lendi yakwera.

Mlonda anatinso ntchitoyi inali ndi miyambo yake. Akazi sankayandikira ng'anjo, ndipo amuna ankayenera kudika, kugona okha mpaka chitsulo chituluke. Chikakanika, ankayang'anana kuti wadumpha mwambo ndani. Madamu a bwana anafwenthera nkunena kuti imeneyo inali njira ya amuna yothawira ntchito za pakhomo. Ine sindinayankhe, ganyu ndikuifunabe. Koma mumtima ndinati zimenezi ndi zomwe agogo ankatiuza za mdulo, ndipo ndinawerengera kuti kukanakhala kuti lamulo ndi lomwelo lero, ife a ku Joni amene akazi athu ali kumudzi tikanakhala osula oopsa mu Africa muno. Ena mwa ife, ndikutanthauza. Maina sinditchula, kalata imawerengedwa ndi anthu ambiri.

Chomwe chinazimitsa moto wa pa Masorini si mkango kapena njovu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunayamba kufika makasu a m'mafakitale a ku Ulaya, otchipa, ochuluka, osafuna kuti munthu agone yekha. Ndani akanapitiriza kupopa chikopa? Nkhani yake ndi yomwe ija mumadandaula inu, yoti anthu akusiya mbaula ndi ndowa zanu nkumathamangira mapulasitiki a pamsika.

Madzulo tinakaona mgodi wa Palabora, kunja kwa tauni. Akatswiri ofukula zakale amati anthu a dera lino akhala akusungunula kopa ndi chitsulo kwa zaka zoposa 1,000, ndipo miyala yambiri ankaitapa pa phiri lotchedwa Lolwe, lomwe azungu ankati Loolekop. Phirilo musalifunefune. Kampani inayamba kulikumba m'zaka za m'ma 1960, ndipo pomwe linali pali dzenje pafupifupi makilomita 2 kukula kwake, pano akukumba chapansipansi. Ndinaima m'mphepete miyendo ikunjenjemera. Tinakula tikumva za Wenela ndi Theba, ngati kuti nkhani ya migodi kuno inayamba ndi mzungu wa chipewa. Ayi ndithu, iye anapeza eni ake atayamba kale, anangobwera ndi fosholo yaikulu.

Za ku Letaba ndingokuuzani mwachidule. Kuli nyumba yosungiramo minyanga ya njovu zikuluzikulu zomwe zinkatchuka mu paki muno, zina zotchedwa Shawu ndi Mafunyane. Mnyanga wa Shawu ndi wopitirira mamita 3. Ndinayamba kuwerengera mtengo wake m'makwacha, kenako ndinaona kamera ikundiyang'ana, ndinaika manja kumbuyo. Panjira tinaona njovu zamoyo, mbidzi, akadyansonga ndi mvuu mumtsinje wa Letaba. Mkango sitinauone, ndipo bwana yekha ndiye anadandaula.

Ku Phalaborwa kulinso mitengo ya mfula paliponse. Zipatso zija timazipondaponda kwathu, kuno amayi amatolera nkugulitsa kwa opanga chakumwa chija cha Amarula chokhala ndi njovu pabotolo, ndipo chaka chilichonse amachita chikondwerero cha mfula. Pamsika ndinapezanso mphalabungu za mu tsanya, amazitcha masonja. Ndinagula kathumba nkumadya m'galimoto. Madamu anatsegula mawindo onse. Kukoma zimakoma, koma matondo a ku Kasungu akadali patsogolo.

Tsono Atsibweni, mu paki yathu ya Kasungu muli ng'anjo za makolo, ndipo ina ija ili kuseri kwa dimba lanu mukuidziwa bwino, ija munagumula mbali imodzi pofuna dothi lokonzera chitofu cha nkhumba. Chonde isiyeni. Muuze anyamata alambule pozungulira, amange kampanda ka bango. Ndikabwera pa Khirisimasi tidzalemba chikwangwani, inu mudzavale nyakula nkumalongosola mbiri, ine ndidzakhale pachipata ndi mitengo itatu. Wochokera ku Joni adzalipira wokwera kuposa mzungu, chifukwa ndikudziwa mmene timadzionetsera tikafika kumudzi.

Katundu ndapatsira matola amene anyamuke Loweruka. Muli bulangete la amayi, nsapato za ana, mafuta ophikira ndi botolo limodzi la Amarula. Botololo ndalikulunga m'bulangete ndipo ndalijambula lili lodzaza. Likafika lopungula mundiimbire matolayo asanachoke pakhomo.

Moni kwa amayi, kwa alamu ndi kwa amfumu. Mbuzi yamawanga ija musaiphe kaye, za mvukuto ndimangocheza.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Randburg