Makina otsuka mbale, ine wotsuka makina

Alamu anga a ku Joni ndi munthu wamtima wabwino, koma mphatso zawo zimafuna wopita kusukulu. Anatitumizira makina otsukira mbale omwe abwana awo anatopa nawo. Tsiku lomwe anafika, aneba anadzadza pakhonde ine n'kumawaphunzitsa. Ndinawauza kuti makina oterewa anawatulukira mayi wina wa ku America, Josephine Cochrane, mu 1886, ati chifukwa antchito ake ankamubenthulira mbale zodula. Anthu anagwedeza mitu. Palibe anafunsa ngati mayiyo ankadya nsima.

Loweruka lina titatsegula chitseko cha makinawo tinapeza dziwe. Madzi otuwa ali ndundundu pansi, mafuta akuyandama, fungo lake losasimbika, pamwamba pakuthwanima chizindikiro cha vuto, E24.

"Abambo, itanani pulambala," anatero mayi a kunyumba.

Pulambala? M'nyumba muli mwamuna? Ndinadina mabatani onse, lililonse payekha, kenaka awiriawiri. Makina anangong'ung'udza, madzi osasuntha. Ndinawamenya khofi pambali, njira yomwe inachiritsa wailesi ya malemu bambo anga kwa zaka zambiri. Makina a ku Joni samva khofi.

Nditapinda malaya kuti ndipise dzanja, mayi anazula pulagi pakhoma osanena kanthu. Madzi ndi magetsi sizimwerana, ndipo iwo sanakonzeke kuvala zakuda chifukwa cha mbale. Ndinagwada n'kuyamba kukapa madziwo ndi kapu kuthira m'ndowa, otsala ndi siponji. Kugwada kotere sindinagwadepo ngakhale kwa apongozi.

Pansi penipeni pali sefa yomwe imatuluka ukaipotokola chakumanzere. Nditaizula ndinaona mbiri yonse ya banja lathu: nkhoko, minga ya chambo, mitu ya usipa, nthangala za tomato, pepala la pabotolo, ndi kalabala komwe mwana ankalirira mwezi watha. Koma mfumu ya zonsezi inali nsima. Ikalowa m'madzi otentha imabwerera kukhala phala, n'kumata timabowo tonse ta sefa. Ikazizira imagwira ngati simenti ya pamaziko. Amene anapanga makinawa ankaganiza za munthu wodya buledi ndi dzira, wosiya mbale yongofuna kutsukuluza. Sankadziwa poto wa banja la ana asanu. Ndinaikwecha sefayo ndi mswachi womwe ndinaupeza kubafa. Mwini wake anadziwika madzulo, ndipo nkhaniyo sinathebe.

Sefa itabwerera, madzi anakanabe kutuluka. Apa mwana wanga wa Fomu 2 anabwera ndi foni.

"Adadi, akuti muyang'ane pampu."

Ndinamuuza kuti n'komwe ndimapita. Kunsi kwa sefa kuli kachivundikiro kotsegula ndi supuni, m'kati mwake kagudumu ka timapiko komwe kamakankha madzi. Kakatsekerezedwa ndi kanthu kakang'ono basi, pampu imangolira osazungulira. Pafonipo analembanso kuti munthu avale magolovesi chifukwa mumakhala magalasi osweka. Mzere umenewo mwanayo anauwerenga chala changa chikuchucha kale magazi. Kachidutswa ka tambula kanatuluka, ine ndili ndi pulasitala.

Kunatsala paipi ya kumbuyo, yopita kunsi kwa sinki. Titakoka makina tinaipeza itapindika pakati, yafinyika kukhoma. Winawake anakankha makinawo kuti thumba la chimanga lipeze malo. Banja lonse linandiyang'ana. Ine ndinayang'ana thumba.

Kuti ulemu ubwerere, ndinamasula paipiyo n'kunena kuti mmisiri weniweni amayesa ndi mpweya. Ndinauzira mwamphamvu. Kenaka ndinapuma, paipi ikadali pakamwa. Ndiwo za Lachitatu ndinazizindikira.

Komabe zinatheka. Titawongola paipi ndi kuchotsa mafuta owuma pomwe imalumikizana ndi sinki, tinamva khololo, madzi akupita. Ndinayenda m'nyumba monse manja kumbuyo. Ndipo poti sopo wake weniweni, wa timibulu uja, anali atatha, ndipo mtengo wake umaposa wa ndiwo zomwe zadetsa mbalezo, ndinathiramo sopo wamadzi wa pasinki, mosaumira. Pampu imakankha madzi, thovu siyilitha. Linatulukira m'mbali mwa chitseko, n'kudutsa kukhitchini, n'kukafika pabalaza pomwe panakhala abusa odzatichezera. Ana sanasangalalepo chonchi chibadwire.

Usiku womwewo mayi anakhazikitsa lamulo: mbale iliyonse izipalidwa ndi kutsukuluzidwa isanalowe m'makina, ndipo wopalayo ndi mwini makina. Nditapala kwa sabata, anandiimirira kumbuyo n'kunena kuti, "Poti mwafika kale apa, abambo, ingopakani sopo mumalize."

Makinawo alipobe. Chitseko chake chimatseka bwino kwambiri moti timasungamo ufa, makoswe salowa.