Mwamuna m'pamimba, nanga mkazi m'pati?

Pa chilangizo chilichonse cha mkwatibwi, kaya n'cha kumpingo kaya n'chamakono chija akuchitcha bridal shower, pamafika nthawi yoti mayi wina wachikulire aimirire, akonze chitenje, atsokomole pang'ono, n'kutula mwambi umene aliyense m'chipindamo akuudziwa kale: mwamuna m'pamimba. Nthungululu zimalira. Mkwatibwi, nkhope ili pansi, amamva kuti ukwati wake wonse wakhala pa mafuwa atatu, ndipo tsiku limene nsima idzachedwe bambo adzasochera n'kukapezeka kumene poto amawira msanga. Mwambiwu ndi wakale ndipo sindikufuna kuunyoza, poti mawu a akulu amakoma akagonera. Komatu ngakhale mkute ukagonera mopitirira umasasa. Chimene chikundivuta n'chakuti mwambiwu umawerenga mimba imodzi yokha m'nyumba mmene muli mimba zisanu, ndipo sunenapo kanthu za manja a mwini mimbayo, ngati kuti Mulungu polenga mwamuna anayambira pakhosi n'kulekezera pamchombo.

Tiutengere ku Chiradzulu Lachiwiri madzulo, tione ngati ungapirire. Bomali ndi laling'ono koma lothithikana: kalembera wa 2018 anapezamo anthu opitirira 350,000, ndipo minda yagawidwagawidwa mpaka ina yatsala ngati mphasa. Munda wotere sudyetsa banja chaka chonse, choncho aliyense amathamangira ndalama. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi anamwino pa boma kapena ku Nguludi, ena amapikula tomato ndi kabichi kukagulitsa ku Limbe, ena amalawirira m'bandakucha kukagwira ntchito ku Blantyre n'kubwerako tsiku lomwelo, poti lendi ya m'tauni siseka ndi munthu. Ndiye taonani banja ili likutsika minibasi pa Njuli dzuwa litalowa kale. Onse awiri anapanikizidwa anayianayi pampando, onse awiri akangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji, onse awiri miyendo yachita dzanzi. Koma akangolowa pakhomo, kutopa kuja kumagawidwa modabwitsa. Kwa bambo kumasanduka ufulu: nsapato vuu, mpando kokee, wailesi tseguu, foni m'manja. Kwa mayi kumasanduka chitenje chomangidwa pamwamba pa diresi la kuntchito. Pakatha mphindi 20, kuchokera pampando paja pamamveka funso limene lasokoneza mtendere m'nyumba zambiri kuposa ngongole ya banki m'khonde: “Kodi zapsa?”

Sizinapse, bambo, ndipo chachedwetsa si ulesi koma masamu. M'dziko muno mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mbaula siimva mawu oti fulumira. Uyenera kuikoleza ndi tizitsotso, kuikupiza ndi chivundikiro cha poto, utsi n'kukuliza ngati uli pamaliro, kenaka n'kudikira kuti makala agwire. Mbaulayo ndi imodzi, choncho zonse zimaima pamzere ngati kuchigayo: madzi osamba a bambo patsogolo, ndiwo pambuyo pake, kenaka masamba, nsima pomalizira kuti ifike patebulo ikadali yotentha. Apa n'kuti wina atasadzula nkhwani, wina atadula mitu ya usipa, wina atasinja mtedza wotendera, wina atathamangira pa okala kukagula mafuta oyezetsa, wina ataona homuweki ya mwana wa Sitandade 4, ndipo “wina” yenseyu ndi munthu mmodzi wa manja awiri. N'chifukwa chake mazira, bonya ndi masoya pisi zalanda ufumu wa ndiwo mkati mwa sabata. Sikuti anthu azikonda kuposa nyemba. Nyemba zouma zimafuna maola awiri kapena atatu pamoto, ndipo mayi amene angaziteleke 7 koloko usiku ndiye kuti walengeza kuti banja lisala kudya popanda chilolezo cha abusa.

Akuluakulu amene anapeka mwambiwu sanali opusa, ndipo tiwachitire chilungamo. Ku Chiradzulu, monga m'madera ambiri a Alhomwe, Ayao ndi Amang'anja, ukwati wodziwika ndi wachikamwini: mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwawo kwa mkazi. Mkamwini sankalandira nsima chifukwa cha ndevu. Ankaswa mphanje, kumanga nyumba, kufolera denga, kuluka nkhokwe, apongozi akumuyang'ana ndi diso la kapitawo, ndipo mkamwini waulesi ankadzapeza kamtolo kake ka zovala katamudikirira panja. Mwambi uja unali theka la pangano: iwe dyetsa mimbayi, poti mimbayi ili ndi msana umene ukukugwirira ntchito. Ngakhale pamenepo sikelo sinali yolungama kwenikweni, chifukwa mkazi naye ankalima, pobwerera n'kusenza nkhuni kumutu mwana ali kumbuyo, bambo atangokoleka khasu paphewa. Koma taonani zimene nthawi yachita ndi panganolo. Mphanje yoti n'kuswa ku Chiradzulu inatha kalekale. Denga la malata limakhomedwa kamodzi n'kuiwalika zaka zambiri, ndipo amakhoma ndi kalipentala. Nkhokwe inalowedwa m'malo ndi matumba ounjikidwa kuchipinda. Ntchito zambiri za bambo zinatha kapena zinagulidwa, pamene ntchito ya mayi imabadwanso katatu pa tsiku, ndipo pamwamba pake waonjezapo ya malipiro. Theka limodzi la pangano linafa mwakachetechete popanda ndi maliro omwe, theka linalo likuimbiridwabe nthungululu.

Pali amene anganene kuti mwamuna sanalengedwere kukhitchini. Ameneyo ayende kaye madzulo pa Namadzi, pa Mbulumbuzi kapena pa Nguludi Turn-off, aone amene aima pa chiwaya. Ndi amuna, ndipo ndi akatswiri. Amasenda mbatata osayang'ana n'komwe mpeni, amadula kabichi woonda ngati ulusi, amadziwa ndi khutu lokha kuti mafuta atentha, amatembenuza kanyenya uku akuwerenga chenji. M'sukulu zambiri zogonera komweko, amene amavundula nsima ya ana mazanamazana ndi mthiko wautali ngati nkhafi ndi amuna. Amuna a dziko lino anatchuka kalekale ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg ngati akhuki odalirika m'nyumba za azungu ndi m'mahotela, ndipo mpaka lero mnyamata akapita ku Joni amadziphikira yekha m'kachipinda kake, osafa, osathothoka ndevu. Ngakhale mwana wotchuka kuposa onse wa boma lino, John Chilembwe, asanapite ku America mu 1897 ndiponso asanakhazikitse Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, anayamba mu 1892 ngati wantchito wa m'nyumba ya mmishonale Joseph Booth, akusamaliranso mwana wamkazi wa Booth, Emily. Ntchito ya m'nyumbayo sinamulepheretse kudzagwedeza boma la atsamunda mu Januwale 1915. Lero nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2,000, ndalama zomwezo zimene bambo amaponya patebulo m'mawa n'kunena kuti “ya ndiwo iyo”, ngati kuti K2,000 imasenda yokha anyezi. Zikuoneka kuti nthenda yoletsa mwamuna kugwira mthiko imagwira pokhapokha pamene palibe malipiro. Mukaika ndalama pansi pa poto, wodwala amachira tsiku lomwelo.

Chotchinga chenicheni ndi maso a anthu, ndipo ichi sindichipeputsa. Mwamuna akangopezeka atapana poto ndi mapazi akuvundula nsima mkazi wake ali pompo, pofika mawa m'mudzi monse mwamveka kuti anamudyetsa khuzumule. Alongo ake anyamuka kwawo kudzaona ngati mchimwene wawo akadali ndi nzeru. Anzake a pa bawo amufunsa ngati abwere ndi chitenje. Ndipo kunena zoona, amayi nawo sali oyera pa mlanduwu. Apongozi aakazi ndi amene amayamba kuchita manyazi kuti mwana wawo akuphikitsa mkamwini, ndipo mkazi mwiniwake, yemwe uja amadandaula kutopa, akaona bambo akuyandikira mbaula amati, “Tachokani kuno inu, mundichititsa manyazi.” Khitchini ndi ndende, komanso ndi ufumu, ndipo si mfumu iliyonse imene imafuna nduna. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 silingathandize pano, chifukwa palibe wapolisi amene adzagogode pakhomo kudzafunsa kuti watsuka mbale ndani. Komabe funso ndi ili: mwa onse amene amaseka, ndani anabwerapo ndi mbale ya nsima 9 koloko usiku pamene ana agona ndi njala pamkeka, yunifolomu ili m'thupi? Za khuzumule ndiye zimandiseketsa. Ukanakhalapo mankhwala oti mwamuna akamwa azitsuka mapoto mokondwa, bwenzi amayi a Chiradzulu akuima pamzere wautali kuposa wa feteleza wotsika mtengo, ndipo bwenzi andale akulonjeza makuponi ake pa kampeni.

Ena, makamaka amene amaonera kwambiri timavidiyo ta pa TikTok ndi Facebook, amati vuto si bambo koma kusowa dongosolo: phikani ndiwo za sabata yonse Lamulungu, ikani m'makontena, longani m'firiji, basi. Nzeruyi ndi yabwino kumene inachokera. Kuno firiji ili ndi mwini wake, dzina lake ESCOM. Kalembera wa 2018 uja anapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo amene ali nawo akukumbukira zimene zinachitika namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Nkhuku ya Lamulungu imafika Lachitatu itayamba kulankhula. Gasi ndi wachangu ndithu, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri amene ankaganiza zogula silinda anabwerera kwa wamakala. Chitetezo mbaula imapulumutsa nkhuni, koma siinaphunzirebe kuvundula. Nzeru zina zazing'ono zimathandizadi, monga kunyika nyemba m'madzi usiku, kusunga mfutso, kusinjiratu nsinjiro za sabata yonse m'botolo. Kalongonda yekha ndiye musamuyese, chifukwa ameneyo amafuna tsiku lathunthu pamoto ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi akuzunguzani mutu. Munthu wa minibasi adikire Okutobala akamudyere ku Chonde pa mwambo wa Mulhako. Koma onetsetsani kuti nzeru zonsezi zikupita kwa yani. Wophika za sabata yonse Lamulungu ndi mayi yemwe uja, amene tsopano watayanso tsiku lokhalo limene akanakhala pansi akaweruka kutchalitchi.

Nanga kulemba wantchito? Amene angathe kumulipira moyenera alembe, palibe choipa. Koma tonse tikudziwa kuti m'nyumba zambiri “wantchito” ndi kamtsikana ka achibale kotengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, kamene sukulu yake imathera pa mbaula. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho banja lotere langochotsa mtolo pamutu pa mkazi wamkulu n'kuusenzetsa wamng'ono, bambo ali pampando pomwe paja. Kugula tchipisi tsiku lililonse nako thumba silingalole, ndiponso Mmalawi akadya tchipisi, mpunga kapena buledi, ukamufunsa amayankha kuti lero sanadye.

Chatsala ndi chodandaula chimodzi, chimene amayi amachinena monong'ona: nsima ya bambo sidyeka. N'zoona. Yoyamba idzakhala phala lodzikuza. Yachiwiri idzalimba yoti n'kugendera galu wakuba. Ufa udzathera pansi, poto adzapserera, ndipo bambo adzafunsa kuti mchere uli pati ataima pafupi ndi mcherewo. Koma palibe mtsikana amene anabadwa ndi chipande m'manja. Anaphunzira ali ndi zaka 9 kapena 10, akukalipiridwa, akupsa zala, ndipo banja linadya zolakwa zake mopirira mpaka anadziwa. Munthu amene amatha kumasula injini ya njinga yamoto n'kuimanganso, amene amasunga pamtima zigoli za Bullets ndi Wanderers za zaka khumi zapitazo, sangalephere kudziwa nthawi yothira ufa phala likayamba kulumpha. Ndipo safunika kuyambira pa nsima. Angofika n'kukoleza mbaula pamene mayi akusadzula nkhwani, adziikire yekha madzi osamba, adule tomato, aone homuweki ija. Chakudya chimene chikanafika 9 koloko chifika 8 isanakwane, ana akadali maso. Alangizi amene amatha maola atatu pa mkwatibwi n'kumupatsa mkwati mphindi zochepa zomuuza kuti azisiya ya ndiwo, akhoza kumuonjezera mthiko pa mphatso za ukwati, poti pamsika ndi wotchipa kuposa tayi imene wavala. Tsiku limene nsima ya bambo yakanikiratu, pa Njuli chiwaya chimakhala chikadali pamoto, ndipo akapita kukagula tchipisi akapeza kuti wophikayo ndi mwamuna mnzake, wa ndevu zambiri kuposa zake.