Amplifaya ya machubu: matenda ake, mankhwala ake ndi mdani wake

Amplifaya ya machubu ndi bokosi lolemera lomwe ntchito yake ndi kutenga kamawu kochokera m'gitala yamagetsi n'kukakulitsa mpaka oyandikana nawo nyumba onse atadziwa kuti mnzawo sadziwa kuimba. Mphamvu yake ili m'timababu tagalasi topanda mpweya m'kati, tomwe timayaka mofiirira tikatentha. Timababu timeneti ndiye machubu. Choyamba anachipanga John Ambrose Fleming ku England mu 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America anawonjezamo kawaya kachitatu, komwe pambuyo pake kanachititsa kuti chubu chizikulitsa mawu. Mu 1947 akatswiri a ku Bell Labs anatulukira transistor, kanthu kakang'ono kosasweka chisawawa, ndipo pang'onopang'ono mawailesi ndi ma TV anatsanzikana nawo machubu. Oimba gitala ndiwo anakana kusamuka. Iwo amati mawu a machubu ndi ofunda, ndipo aliyense amene anagwirapo chubu chikuyaka amavomereza kuti kufundako kulipodi.

Kumene inachokera

Amuna awiri amene mayina awo amalemekezedwa kwambiri pa nkhaniyi sanali oimba gitala. Leo Fender anali wokonza mawailesi ku Fullerton m'chigawo cha California, kumene anatsegula kashopu kake mu 1938. Jim Marshall anali woimba ng'oma, ndipo ankagulitsa zoimbira ku Hanwell mumzinda wa London. Mu 1962 Marshall pamodzi ndi Ken Bran ndi Dudley Craven anasuzumira m'mimba mwa amplifaya ya Fender Bassman, n'kutengera kalumikizidwe ka mawaya ake ndi zipangizo zimene ankatha kupeza ku Britain, ndipo kunabadwa JTM45. Bassman yeniyeniyo Fender anaipangira gitala ya besi, koma amene anaikonda ndi oimba gitala wamba. Ku Dartford nako, Tom Jennings ndi Dick Denney anatulutsa Vox AC30, imene The Beatles anaimbira. Mu 1965 Fender anagulitsa kampani yake kwa CBS pa mtengo wa madola 13 miliyoni.

Chiganizo chomalizachi ndi chimene chasowetsa mtendere m'mabanja. Munthu akawerenga kuti wokonza mawailesi wosadziwa kuimba gitala anapata madola 13 miliyoni, amadziyang'ana n'kuona kuti theka la zomuyenereza ali nalo kale, popeza nayenso sadziwa kuimba. M'mawa mwake amakagula sikuludiraiva. Munthu wotereyu m'phunziro lino atchedwa mmisiri wodzisankha yekha, ndipo chitsanzo chimene chafufuzidwa mokwanira ndi mlembi wa danga lino.

Za m'kati mwake

Mawu akachoka m'gitala amayamba afika ku timachubu tating'ono, kawirikawiri 12AX7, tomwe ku Ulaya amati ECC83. Timeneti timawakulitsa n'kuwapatsira ku machubu akuluakulu: 6V6 kapena 6L6 mu Fender, EL34 mu Marshall zambiri, EL84 anayi mu AC30. Maamplifaya akale ambiri ali ndi chubu chinanso, monga 5Y3 kapena GZ34, chosandutsa magetsi a m'khoma kuti aziyenda mbali imodzi. Muli mathiransifoma awiri, ndipo ndi amene amathyola msana ponyamula. Imodzi imagawa magetsi: mavolti 6.3 otenthetsera machubu, ndi ena apakati pa 300 ndi 500 ogwirira ntchito. Inayo imatenga mphamvu ya machubu n'kuipereka kwa sipika m'njira yoti sipikayo ilandire. Zotsalazo ndi makapasita, marezisita, fyuzi ndi mawaya, zonse zowotcherera pamanja. N'chifukwa chake amplifaya ya zaka 60 imakonzeka, pamene foni ya chaka chatha imangotayidwa. N'chifukwa chakenso mmisiri wodzisankha yekha amaona ngati zonse n'zophweka, poti chilichonse chikuoneka ndipo chala chikufikapo.

Kudziwa ngati yadwala

Chovuta choyamba ndi kusiyanitsa amplifaya yowonongeka ndi imene yafika pokoma. Mainjiniya akale ankafuna mawu oyera, koma oimba anakonda mawu osasa amene machubu amatulutsa akapanikizidwa kupitirira muyeso, ndipo ena anawapeza m'njira zachidule. Mu 1951 nyimbo ya Rocket 88 inajambulidwa ku Memphis ndi amplifaya ya Willie Kizart imene inawonongeka pa ulendo. Link Wray anaboola sipika ndi pensulo pojambula Rumble, yotuluka mu 1958. Dave Davies wa gulu la The Kinks anang'amba yake ndi lezala, ndipo mu 1964 You Really Got Me inakhala nambala wani ku Britain. Onsewa analowa m'mabuku a mbiri ndi katundu wowonongeka. Mlembi wa danga lino watsata njira yomweyo mokhulupirika, koma pakadali pano dzina lake lalowa m'kope la ngongole lokha.

Matenda enieni ali ndi zizindikiro zake. Kung'ung'udza kosalekeza, gitala isanalumikizidwe n'komwe, kawirikawiri kumachokera ku makapasita akuluakulu osefa magetsi. M'kati mwake muli zinthu zachinyezi zimene zimauma ndi zaka, ndipo mankhwala ake ndi kuikamo atsopano a muyeso womwewo, osatembenuza miyendo, poti kapasita yotembenuzidwa imaphulika. Kuthetheka ndi kusokosera kumachokera ku marezisita akale a kaboni, amene muyeso wake umakwera ndi ukalamba, kapena ku masoketi a machubu ndi mabatani opotokola amene adzaza fumbi ndi dzimbiri. Chubu chimene chimalira pa sipika munthu akachigogoda pang'ono chatopa. Chubu chachikulu chikafiira psu chitsulo chake cham'kati ndiye kuti chikumeza magetsi ochuluka. Mwina kapasita yaing'ono ikudontheza magetsi kumene sayenera kufika, mwina bias yasokonekera, yomwe ndi muyeso wa magetsi amene chubu chimadya chikakhala chete. Zikatero amplifaya iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo. Mmisiri wodzisankha yekha amayamba waitana ana kuti adzaone kukongola kwake.

Mmisiri weniweni amayamba ndi mapu a mawaya, mita, ndi kamtengo kouma kogogodera chinthu chimodzichimodzi kuti amve pamene pakulira. Wodzisankha yekha amayamba ndi mbama pamwamba pa bokosi. Mbama ikakanika amasintha machubu onse, omwe analibe mlandu. Fyuzi ikapsa amaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi ndi kanthu kotsika mtengo kuposa zonse m'bokosimo, ndipo ntchito yake ndi kufa m'malo mwa thiransifoma, yomwe ndi yodula kuposa zonse. Luso la mmisiri ameneyu ndi kupulumutsa fyuzi n'kupha thiransifoma.

Malamulo osunga moyo

M'bokosimu muli imfa yeniyeni. Makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa kukhoma, ndipo mavolti 400 amapha munthu. Asanakhudze chilichonse, wokonza ayenera kukhetsa magetsiwo kudzera mu rezisita, n'kutsimikiza ndi mita kuti atheradi. Akamayeza amplifaya ikuyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, kuti magetsi asadutse pamtima pochoka dzanja ili kupita linalo. Lamulo limeneli mlembi wa danga lino amalisunga mosavutikira, poti dzanja lake limakhala kale m'thumba kusisita pamene panali ndalama.

Maamplifaya akale a ku America ankabwera ndi pulagi ya mano awiri, yopanda waya wachitatu wotayira magetsi pansi, komanso kapasita ina yolumikiza waya wa m'khoma ku chitsulo cha bokosi. Kapasitayo ikafa, magetsi amafika mpaka ku nsambo za gitala, ndipo woimba akagunda maikolofoni ndi mlomo amaimba nyimbo imene sanaikonzekere. Amisiri amaichotsa n'kuika chingwe cha mano atatu.

Amplifaya ya machubu siyatsidwa popanda sipika, chifukwa mphamvu ikasowa kopita imabwerera n'kuwotcha thiransifoma. Sipikayo igwirizanenso ndi nambala yolembedwa kumbuyo, kaya ndi ma ohms 4, 8 kapena 16. Amplifaya imene yagona zaka zambiri m'chipinda chosungira katundu imadzutsidwa pang'onopang'ono, ndi variac, chida chokwezera ndi kutsitsira magetsi, kapena ndi babu lakale lija la kawaya lolumikizidwa m'njira ya magetsi. Babulo likawala kwambiri osazilala, m'katimo muli vuto. Chomaliza n'chakuti magetsi a ku America ndi a mavolti 120, pamene a kuno ku Malawi ndi 230. Amplifaya yotumizidwa ndi mlamu wa ku America ikalowetsedwa kukhoma popanda thiransifoma yotsitsa magetsi imaimba kamodzi, mwachidule, ndi utsi. Safunsa anadya phula.

Kusintha

Kukonza ndi kubwezera chinthu mwakale. Kusintha ndi kukhulupirira kuti Leo Fender anaiwala kenakake komwe munthu wa sikuludiraiva imodzi wakazindikira. Alipo amene zinawayendera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Randall Smith wa ku California anatenga Fender Princeton, yomwe ndi yaing'ono, n'kuikamo mphamvu ya amplifaya yaikulu ndi sipika ya mainchesi 12. Mwa ntchito imeneyo munabadwa kampani ya Mesa/Boogie, imene Carlos Santana anathandiza kuitchukitsa. Eddie Van Halen ankatsitsa magetsi olowa mu Marshall yake ndi variac. Alexander Dumble ankapanga maamplifaya imodziimodzi pamanja, n'kumata zam'kati ndi guluu wolimba kuti ena asaone zimene wachita, ndipo lero amagulidwa ndi madola masauzande ambirimbiri. Mlembi wa danga lino nayenso amakulunga ntchito yake ndi tepi yakuda kuti ena asaone, koma pa zifukwa zina.

Zosintha zofala ndi izi: kuwonjeza batani la master volume kuti mawu osasa apezeke popanda kugonthetsa mudzi, kuika sipika ina, kusintha makapasita ang'onoang'ono kuti mawu athwe kapena anenepe, ndi kutembenuza Fender za nkhope yasiliva, zimene zinafala kuyambira 1968, kuti m'kati zifanane ndi za nkhope yakuda za pakati pa 1963 ndi 1967. Koma msika uli ndi lamulo lake: amplifaya yakale imadula ikakhala yosakhudzidwa, ndipo bowo lililonse latsopano pa chitsulo chake limatsitsa mtengo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 oimba ambiri analipira amisiri kuti aboole Marshall zawo, ndipo lero eni ake atsopano akulipira amisiri ena kuti atseke mabowowo. Wanzeru amasunga m'kathumba chilichonse chimene wachotsa, kuti chidzabwerere pamalo pake. Wodzisankha yekha amasungadi, kungoti m'kathumba kake mumakhalanso tinthu timene tinatsala atamaliza kubwezera zonse.

Kupeza machubu

Mafakitale akale monga a RCA ku America, Mullard ku Blackburn ndi Telefunken ku Germany anasiya kalekale kupanga machubu. Ambiri a masiku ano amachokera ku Slovakia, kumene kuli JJ Electronic mumzinda wa Čadca, ku Saratov m'dziko la Russia, ndi ku China. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakula mu 2022, oimba m'maiko ambiri anachita mantha n'kuyamba kugula machubu molimbirana, mitengo n'kukwera. Machubu akale amene sanagwirepo ntchito, omwe akadali m'timakatoni tawo, amaposa atsopano mtengo kangapo. Mmisiri wodzisankha yekha amagula chimodzi chotere n'kuitana mayi a kunyumba kuti adzamve kusiyana kwake. Iwo amamvetsera mwaulemu mpaka nyimbo itatha, kenako amati: "Abambo, kusiyanako ndikukuona ndithu, koma m'thumba la ufa."

Mdani wake

Amplifaya yakale imaopa chinyezi, mphemvu, makoswe ndi mphenzi, koma zonsezi sizifika pa mwini wake akapeza Loweruka lopanda maliro kapena ukwati. Munthuyu amadziwika ndi zipsera ku zala, fungo la mtovu wosungunuka, ndi tebulo limene banja linasiya kudyerapo. Sukulu yake anachitira pa YouTube, ndipo kanema aliyense anamuonera mpaka bandulo itatha, choncho kumasula amadziwa koma gawo lobwezera sanalione. Powotcherera amasiya timibulu totuwa pamene pamafunika mfundo yosalala yonyezimira. Akakwera minibasi ndi bokosi lakelo amalipira mipando iwiri. Gwero la matenda ake n'lakuti amafunafuna m'mawaya chinthu chimene chimakhala m'zala. Nthawi imene wathera kusintha makapasita ikanamukwanira kuphunzira kiyi yachinayi.

Matendawa amathera kumodzi. Bokosi limafika kwa mmisiri weniweni, amene amalitsegula, n'kukhala duu kanthawi, kenako n'kufunsa kuti: "Achimwene, anagwira umu ndani?" Yankho lovomerezeka m'maiko onse n'lakuti ndi mwini wake wakale. Mmisiriyo amagwedeza mutu movomera, maso ali pa zipsera za ku zala za kasitomala. Mtengo wa ntchito umakhala pawiri. Gawo laling'ono ndi la vuto limene linalipo poyamba, lomwe nthawi zambiri limakhala soketi yakuda kapena chingwe cha gitala choduka m'kati. Gawo lalikulu ndi lochotsera zimene mwini wake wakale uja anachita.

Kasamalidwe koyenera, tsono, ndi kosavuta. Amplifaya ikhale pouma. Iziyatsidwa kawirikawiri kuti makapasita asafooke ndi kugona. Izisiyidwa kuti izizire isananyamulidwe. Fyuzi ikhale ya muyeso wolembedwa pa bokosi. Zam'kati zonse zisiyidwe kwa munthu wodziwa kuwerenga mapu a mawaya ndi mita. Mwini wake amaloledwa kugwira mabatani a kutsogolo okha, ndipo ngati nyumba ndi ya lendi, la voliyumu lisapitirire pa 3.