Make Mbuu, Mwana Mbuu, Nanga Bambo Ake?

Makolo athu ankadziwa kulankhula mosadzikola okha. Ataona kuti mwana wa mayi wamiseche nayenso sachedwa kunyamula nkhani za kuchigayo, ndipo mwana wa mayi woopa madzi amakula ndi miyendo yotuwa, anangoti: make mbuu, mwana mbuu. Mwambiwu tauyang'anitsitsani. Mayi alimo, mwana alimo, kutuwa kulimo. Bambo mulibe. Musaganize kuti agogo aja anaiwala. Iwo anasankha kunena zokhazo zimene akanatha kuziikira umboni pabwalo la mfumu. Wobereka amadziwika, azamba analipo. Za bambo anazisiya kuti mwiniwakeyo azidzilimbitsa nazo mtima yekha.

Mpata umene mwambiwu unasiya, Amalawi a ku Mayfair akuyesetsa kuutseka ndi foni. Mayfair ndi dera la kumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg, loyandikana ndi Fordsburg kumene kuli Oriental Plaza. Mukayenda mu 8th Avenue mumva Chisomali mpaka kukayika ngati basi sinakupitirizeni, n'chifukwa chake ena amangoti Little Mogadishu. Mukakhota pang'ono mupeza masitolo a Amwenye, Mapakistani ndi Mabangladeshi, ndipo kuseri kwa kauntala, kukhitchini, pamakina osokera ndi pageti mumva Chiyao ndi Chichewa. Ambiri mwa abale athuwa anasiya mabanja ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhotakota, ndipo masiku 30 amene anawadindira papasipoti anatha kalekale. Kupita kumudzi n'kosavuta, kubwererako ndiye nkhani. Choncho ana amabadwa bambo ali kutali, n'kufika pa WhatsApp atakulungidwa m'chitenje.

Chithunzi chikangofika, komiti imakhala pansi. Palibe amene amaisankha komitiyi, koma sisowa anthu. Lamlungu masana, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, anyamata atapanikizana pabedi limodzi, phala la nsima likubwata pachitofu chamagetsi, foni imayamba kuyenda dzanja ndi dzanja.

"Zabwino zonse, achimwene, mwakula tsopano. Paja mwati kuno munabwera mwezi uti?"

"Epulo."

M'chipinda muli zii, koma zala zili kalikiliki kuseri kwa mawondo. Wina akuwerenga kuyambira Epulo, wina kuyambira Meyi, wachitatu akuchotserapo masiku amene basi inagona pa Beitbridge. Masamu akakana kugwira munthu, amatembenukira kunkhope. Amachikoka chithunzi ndi zala ziwiri mpaka mphuno ya khanda itadzaza foni yonse.

"Koma mphuno iyi si ya kwanu."

"Ya kwathu mumaidziwa inu? Munafikako kwathu?"

"Nanga kuyeraku?"

Apa m'pamene madala wina amene anatchona kalekale amalanda foni. "Ana inu, khanda saliweruza ndi masaya. Onani nsonga za makutu, khungu lake lenileni lili pamenepo." Madalawa sanasochere kwambiri: khanda limabadwa loyererako, chifukwa khungu limatenga miyezi kuti lipange utoto wake wonse wotchedwa melanini. Koma komiti sinabwere kudzaphunzira. Ndipo mudzaonetsetse, woweruza wouma mtima kwambiri amakhala uja amene iye mwini safanana ndi aliyense kwawo.

Tisaiseke mopitirira komitiyi, pakuti dziko lomwelino la South Africa linali ndi komiti yaikulu kuposa iyi, yolandira malipiro a boma. Lamulo la Population Registration Act la 1950 linagawa anthu m'mitundu, ndipo pansi pa Group Areas Act ya chaka chomwecho Mayfair yemweyu anali wa azungu okhaokha. Akuluakulu ovala mataye ankafika polowetsa pensulo m'tsitsi la munthu kuti aone ngati igwe. Ndiye mu 1955 ku Piet Retief kunabadwa Sandra Laing, mwana wa khungu loderako ndi tsitsi lopotana, bambo ake ndi mayi ake onse Mabunu oyera. Mu 1966 anamuchotsa pasukulu ya azungu, boma n'kumulemba kuti ndi mkaladi. Bambo ake anakayezetsa magazi ndipo zotsatira sizinawakane. Chaka chotsatira lamulo linasinthidwa, mtsikana uja n'kusandukanso mzungu papepala, khungu lake osasuntha ngakhale pang'ono. Make mbee, bambo ake mbee, mwana ayi, ndipo boma lathunthu linasowa pogwira.

Chonsecho zoterezi anali atazifotokoza kale wansembe wina wokonda dimba. Gregor Mendel, wa ku Brno m'dziko limene lero ndi Czech Republic, kuyambira 1856 mpaka 1863 ankakwatitsa nsawawa kuseri kwa nyumba ya ansembe. Atakwatitsa zazitali ndi zazifupi, ana onse anatuluka aatali. Komiti ya ku Mayfair ikanalengeza kuti kufupika kwatha pamtundu. Koma anawo ataberekana okhaokha, pa zidzukulu 4 zilizonse chimodzi chinali chachifupi. Kufupikako sikunapite kulikonse, kunangobisala m'badwo umodzi. Analemba zimenezi mu 1866, anthu osalabadira mpaka 1900, mwiniwake atagona kale.

Lero tikudziwa kuti malangizo a thupi amakhala mu DNA, m'tizidutswa timene achipatala amati majini, pafupifupi 20,000 mwa munthu, tolongedzedwa m'makromozomu 46: 23 ochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Pafupifupi jini iliyonse mumailandira kawiri, ndipo ya mbali imodzi ikhoza kuphimba inzake. Msinkhu, khungu ndi mphuno ya munthu zimaposa pamenepo kuvuta, chifukwa zimaumbidwa ndi majini ambirimbiri nthawi imodzi, ndiye mwana akhoza kutuluka ndi nkhope ya agogo a agogo ake amene palibe anawajambula. Mlimi wa chimanga cha haibulidi amazidziwa izi ngakhale sanamvepo za Mendel. Ukabzala MH18 yogula m'sitolo, munda wonse umakula msinkhu umodzi. Ukasunga zokolola n'kubzalanso chaka chamawa, china chitalika, china chifupika, china chibereka kachitsononkho kochititsa manyazi. Palibe amene amakafunsa phesi kuti linayenda ndi ndani.

Pali malo amodzi pamene kuseka kumathera. Mwana wachialubino akabadwa m'banja la anthu akuda, chala chimaloza mayi: wayenda ndi mzungu, kwawo kuli tsoka, anachita zamankhwala. Amayi ambiri athawidwa motero. Koma chialubino chofala kwathu kuno sichingaoneke pokhapokha mwana atalandira jini yake kuchokera mbali zonse ziwiri. Bambo wothawayo wanyamula theka la nkhaniyo m'thupi mwake, akupita nalo kwa mkazi wina. Akatswiri a pa yunivesite ya Wits, Jennifer Kromberg ndi Trefor Jenkins, atawerenga ku Soweto anapeza mu 1982 kuti munthu mmodzi pa 3,900 alionse anali wachialubino, kutanthauza kuti onyamula jiniyo mosadziwa ndi pafupifupi mmodzi pa 30. Matekisi awiri akadzaza pa renki ya Bree, mmodzi alimo, ndipo mwina ndi amene akufuula kwambiri za akazi osakhulupirika.

Agogo athu tiwapatsebe ulemu wawo, chifukwa pali pamene analasa pakati penipeni. Pafupifupi m'selo lililonse muli tinthu totulutsa mphamvu totchedwa mitokondiriya, tokhala ndi DNA yakeyake ya majini 37 okha. Timeneti mwana amatengera kwa mayi basi, ta bambo timathera pakhomo. Mayi anatenga kwa mayi ake, iwonso kwa mayi awo, mpaka kumbuyo kosawerengeka. Mwana wamwamuna amalandira koma alibe womupatsira. Mchewa kapena Myao akamva izi sangadabwe, chifukwa ndi chikamwini chenicheni. Mbumba imayendera kuchikazi, ndipo mwana amafanana mitokondiriya ndi amalume ake, osati ndi munthu amene akutumiza marandi pa Mukuru mwezi ndi mwezi.

Chimene mwambi sunaone n'choti kulandira jini ndi kwina, kuti jiniyo igwire ntchito ndi kwinanso. Selo la m'diso ndi selo la m'chiwindi ali ndi DNA yofanana, koma diso silitulutsa ndulu. Zili ngati nyumba za ku Mayfair zimene eni ake anazidula tizipinda: waya ndi mmodzi, mita ndi imodzi, koma chipinda chilichonse chili ndi switchi yake, uyu wayatsa ketulo, uyo wazimitsa zonse wagona. François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris anaonetsa mu 1961 kuti ngakhale kachilombo ka m'matumbo kotchedwa E. coli kamayatsa majini ogayira shuga wa mumkaka pokhapokha shugayo akakhalapo. Akasowa kamazimitsa, sikadikira kuti eni nyumba agogode.

Nafenso anthu tili ndi switchi ya mkaka. Khanda limagaya mkaka bwinobwino, koma mwa anthu pafupifupi 2 pa 3 alionse padziko lapansi jini yake imazima pang'onopang'ono mwana akasiya kuyamwa. Mwa anthu amene makolo awo anadalira ng'ombe kwa zaka masauzande, monga Amasai ndi azungu a kumpoto kwa Ulaya, switchiyo inakakamira poyaka, ndipo Sarah Tishkoff ndi anzake anasonyeza mu 2007 kuti oweta ng'ombe a ku Kenya ndi Tanzania anafika pamenepo mwa njira yawoyawo, sanabwereke kwa azungu. Ndiye mnyamata wa ku Dedza akapatsidwa ndi abwana ake tiyi wa masala wophikidwa mumkaka weniweni, m'mimba n'kuyamba kugunda mabingu pamaso pa makasitomala, asafulumire kuimba foni kumudzi kuti amulodza. Makolo ake ankalima mapira, basi.

Mu 2003 ku Duke University ku America, Robert Waterland ndi Randy Jirtle anaupotoza mwambi wathu mpaka kuusokoneza. Anali ndi mbewa za mu labotale, osati zija za pampani za m'mbali mwa msewu wa M1, zofanana majini. Zina zinkabadwa zachikasu n'kumanenepa mosalekeza, zina zoderako ndi za thupi labwino. Atawonjezera folic acid, vitamini B12 ndi zina m'chakudya cha make asanatenge bere komanso ali nalo, ana oderako anachuluka. Jini inali yomweyo, koma chakudya cha make chinaizimitsa. Munthu si mbewa, ndipo si chilichonse chimene mayi adya chimene chimalembeka mwa mwana. Komabe anamwino a kusikelo akamakakamiza amayi oyembekezera kumwa timapiritsi ta folic acid tija, sakungofuna kuwavutitsa.

Ku Mayfair mawu oti "zakumtundu" akusenzetsedwa katundu wolemera kuposa msinkhu wake. Munthu anabwera kuno akuchita kuboola lamba bowo latsopano kuti buluku ligwire. Lero, biriyani wa Lachisanu, tchipisi ndi zakumwa za shuga zitagwira ntchito yake, mimba yatsogola, iye n'kumati, "Kwathu tonse ndife otere." Kwawoko bambo ake akadali kumunda, nthiti zikuchita kuwerengeka. Majini ndi omwewo, chasintha ndi mbale. Mwana wobadwira kuno ukamulankhula Chichewa amayankha Chizulu kapena Chingelezi, ndipo akaona bonya amafunsa chifukwa chake ndiwozo zikumuyang'ana. Make akutafuna bonya, mwana akulirira buledi wa kota. Chilankhulo ndi therere sizikwera nawo mu DNA, zimafuna munthu wozipereka pamanja tsiku ndi tsiku.

Ngakhale ntchito ya bambo siyenda m'magazi. Ku Germiston, kum'mawa kwa mzinda womwewu, mu 1927 kunabadwa mwana wa wosoka nsapato wochokera ku Lithuania, bambo wosadziwa kuwerenga kapena kulemba. Komiti ikanamugulira ulusi ndi singano. Mwanayo, Sydney Brenner, anaphunzira ku Wits, mu 1961 anathandiza kutulukira RNA imene imanyamula uthenga kuchokera ku jini yoyaka, ndipo mu 2002 analandira mphotho ya Nobel chifukwa chothera zaka akuyang'ana kanyongolotsi kotalika milimita imodzi. Zoterezi kumudzi akanamutengera nazo kwa sing'anga.

Koma mlandu umene sukalamba ndi wa ana aakazi okhaokha.

"Wachinayi uyu, achimwene, onse atsikana. Alamu athuwa ali ndi vuto."

Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula kromozomu X. Mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X kapena Y, ndipo Y ikafika mwana amakhala wamwamuna. Ngati pali woti afunsidwe, ndi yemweyo wakhala pabedi atagwira tsaya. Zamoyo zina zili ndi pothawira. Ng'ona za mu Shire zilibe X kapena Y. Mazira akafundira cha m'madigiri 32 kapena 33, zambiri zimaswa zazimuna, mchenga ukazizirako zimaswa zazikazi, choncho ng'ona ili ndi ufulu wodandaula za nyengo. Kwa nkhuku, thadzi ndilo limanyamula makromozomu awiri osiyana, ndiye m'khola mukadzaza misoti yokhayokha, wachititsa ndi make ndithu. Mwamuna amene akukakamira kuti ana aakazi wawabweretsa ndi mkazi wake akhoza kuwina mlanduwo, koma ayambe wavomera pamaso pa anzake kuti iye ndi tambala.