Mitala ya Makamera

Miyezi itatu tsopano ndikugona ndi akazi awiri m'mutu. Musathamangire kukanena kwa mayi akunyumba, akudziwa kale. Wamkulu ndi Canon 5D Mark III, wamng'ono ndi Sony A7 III.

Ine ndimajambula zithunzi pa Nthalire pano. Situdiyo yanga ndi kachipinda kogundana ndi chigayo, ndipo kukhoma ndinapachika nsalu yojambulidwa nyumba yosanja, kuti aliyense azioneka ngati ali ku Mzuzu. Kamera yanga yakalamba. Kuti iyake ndimayamba ndaipatsa kambama, ngati wailesi ya agogo.

Canon ija inatuluka mu 2012, ili ndi mamegapikiseli 22, ndipo kulemera kwake ukaikoleka m'khosi umayenda mopereka ulemu. Batire lake likadzaza limatha zithunzi zoposa 900, nkhani yabwino kwa ife amene timatchajira dzuwa. Sony ndi ya 2018, yopepuka, mamegapikiseli 24, ndipo imajambula vidiyo ya 4K pomwe Canon imalekezera pa 1080.

Mphwanga wa ku Mzuzu foni iliyonse nyimbo ndi imodzi: "Achimwene, 4K! Musachititse manyazi mtundu." Ine ndimavomera mwaulemu, osamuuza kuti vidiyo ndimajambula kawiri pachaka: ukwati umodzi ndi kwaya ya kumpingo. Ikatha, imayenda pa WhatsApp n'kukaonedwa pa foni yosweka galasi, anthu asanu ndi awiri atagundanitsa mitu.

Chimene chinandikopa kwenikweni n'chakuti Sony imadzifunira yokha diso la munthu n'kuligwira. Ndinasangalala mlungu wathunthu, mpaka ndinakumbukira akwatibwi akwathu kuno. Mtsikana woleredwa bwino amazolika kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani atatha. Kamerayo idzasaka diso tsiku lonse, mapeto ake idzagwira la amalume ake a mkwati, amene ali tcheru kuwerenga ndalama za m'lichero.

Ndiye pali fumbi. Sony ilibe kagalasi ka m'kati, moti ukachotsa lenzi, sensa imakhala pambalambanda. Amene anadutsapo msewu wa ku Wenya mu Okutobala ali pamwamba pa lole akudziwa kuti fumbi lathu silipempha chilolezo, limalowa ndi m'mano momwe. Onjezanipo gaga wa kuchigayo. Pamenepo mtima umabwerera kwa mkazi wamkulu.

Koma makasitomala anga ambiri ndi ana asukulu ofuna tizithunzi ta mayeso, tochepa ngati bokosi la machesi. Ena ndi monga mayi amene anabwera Lachiwiri atatchena chitenje chatsopano.

"Adada, chithunzichi chikupita ku Joni kwa bambo a ana. Mundiondetseko pang'ono."

"Amama, anzanu amati ndiwanenepetse."

"Akaona ndanenepa asiya kutumiza."

Usiku ndinafufuza mabatani onse a makamera awiriwa. La kuondetsa palibe.

Mitengo yake ndimaiwerenga m'madola ngati munthu wa ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale Canon yapakaunjika inanditalikira ngati mapiri a Nyika. Mayi akunyumba anangondifunsa modekha uku akupeta: "Bambo, pa akazi anu awiriwo, ndi uti amene amalowa m'malo mwa feteleza?"

Loweruka ndinamanga mtima. Ndinasankha Sony, ndipo ndinalemba papepala kuti ndisasinthenso. Kenako ndinakhuthula chitini pamphasa, n'kuonjezera za kubanki mkhonde, ndinawerenga katatu. Zinakwana chikwama chake.

Ndinatuma mphwanga uja, chafika dzulo pa lole, chakuda bii, dzina lili poonekera. Ndaikamo kamera yanga yakale. M'mawa uno mphunzitsi wina wachiyang'ana, wayang'ana chithunzi chake, n'kunena kuti zipangizo zamakono sizinama. Ndamuonjezera K200, ndipo ndinamutuma kaye akapese tsitsi panja kuti asaone kambama kaja.